KALATA YOFUNA MA EURO YAFIKA: OSANJENJEMERA, OSALIPIRA MWAPHUMA, KOMA ZOBA ZITHUNZI ZITHE



Uthengawu ndi wautali. Muwerenge mpaka kumapeto musanautumize kwina, chifukwa ukukhudza aliyense amene anapositako chithunzi chimene sanajambule yekha. Ndiye kuti tonsefe.

Sabata yatha imelo ya webusaiti yathu inalandira kalata yochokera ku kampani ina yakunja. Dzina lake sititchula. Kalatayo ili m'Chingerezi cha maloya, ili ndi nambala ya mlandu, sikirinishoti ya tsamba lathu, ndi chithunzi chimodzi chimene achizunguliza ndi mzere wofiira. Chithunzicho ndi cha zionetsero za 2019: khamu la anthu mumsewu ku Lilongwe, utsi wokhetsa misozi uli kumbuyo. Tinachiika pamwamba pa nkhani ina kalekale, ndipo mnzathu amene anachiikayo sakukumbukanso komwe anachitenga. Akuti chithunzicho ndi cha kasitomala wawo, tinachigwiritsa ntchito popanda layisensi, choncho tilipire ma euro mazana angapo pasanathe masiku 14, apo ayi nkhani ipita kwa maloya.

Pa gulu la ma adimini panali chipwirikiti. Ena amvekere, "Tisonkhe msanga tilipire, angatitsekere tsamba." Ena amvekere, "Akuba awa, dilitani imeloyo basi." Wina mpaka anati, "Aise, pachithunzipo ine ndilipo, ndavala malaya ofiira kutsogoloko. Ndiye andilipiritse nkhope yanga yomwe?" Tinaseka, koma funso lakelo lili m'mitu ya anthu ambiri. Maganizo onse atatuwa ndi olakwika, ndipo komiti yaona kuti ndi bwino tifotokoze poyera, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

*KALATA IMENEYI SI CHISAMANI*

Yambani mwadziwa amene akukulemberani. Nthawi zambiri si wojambula mwiniwake, ndipo si khoti. Ndi makampani amene bizinesi yawo ndi yosaka zithunzi pa intaneti. Mayina amene mungawaone m'makalata otere ndi monga PicRights, Copytrack ndi Pixsy. Wojambula kapena bungwe lofalitsa nkhani limawapatsa zithunzi zake, iwo amaika pa kompyuta, ndipo pulogalamu imayendayenda usana ndi usiku pa mawebusaiti a dziko lonse kufufuza zofanana nazo. Ikapeza, imajambula tsambalo, kalata n'kutuluka. Kampaniyo imadya gawo la ndalama zimene inu mwalipira. Mukalipira zambiri komanso mwachangu, kwa iwo ndiye phwando.

N'chifukwa chake kalatayo imalembedwa kuti mtima ugunde: masiku owerengeka, nambala ya mlandu, mawu akuti "final notice", ndi batani lolipirira lili pafupi pomwe. Pulogalamu imene yakupezaniyo sidziwa kuti ndinu gulu la achinyamata losonkherana ndalama za bandulo. Sidziwa ngati munapempha chilolezo kwa wojambula pa WhatsApp. Nthawi zina sidziwa ngakhale mwini chithunzi weniweni.

Tikunena zoona. Ku America kuli mayi wina wojambula wotchuka, Carol Highsmith, amene anapereka zithunzi zake masauzande ambiri ku Library of Congress kuti aliyense azigwiritsa ntchito ulere. Mu 2015 analandira kalata yomuuza kuti alipire madola 120 chifukwa choika chithunzi pa webusaiti ya bungwe lake. Chithunzicho anajambula ndi iye mwini. Atafufuza anapeza kuti Getty Images ndi Alamy akugulitsa zithunzi zakezo, ndipo mu 2016 anawasumira kufuna madola 1 biliyoni. Khoti linataya mbali yaikulu ya mlanduwo, koma phunziro linatsala: ngati makina amenewa anathamangitsa mwini chithunzi kuti alipire chithunzi chake chomwe, inu mungakhulupirire bwanji kalata yawo musanaone umboni?

Makalata ena amatchula madola 150,000 kuti mugwe mphwayi. Nambala imeneyi ilipodi, koma ndi ya m'malamulo a ku America. Kumeneko khoti likhoza kugamula pakati pa madola 750 ndi 30,000 pa chithunzi chimodzi, n'kufika 150,000 ngati zatsimikizika kuti munthu anachita dala. Ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha chithunzicho chinalembetsedwa pa nthawi yake ku ofesi yawo ya copyright. Si mtengo wa chithunzi. Si ndalama imene wina angakulamuleni pa imelo. Amene amagamula ndi woweruza, atamva mbali zonse ziwiri.

Ndiye amene mumati tisonkhe msanga, taganizani. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dziko likusowa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala. Ife tikapeze ma euro kuti, ndipo titumize chifukwa cha imelo imodzi yopanda umboni? Ndalama zimene mumasonkha ndi za mayendedwe, za zikwangwani, za belo ya anzathu akamangidwa. Sitizitaya chifukwa cha mantha.

*KOMA AMENE MUKUTI TINGODILITA, INUNSO MWASOCHERA*

Apa ndiye pamene ena mutikwiyire, koma tinena. Chithunzi chimenechi si chathu. Tinachitenga osapempha. Imeneyo ndi nkhani yoona, kaya kalatayo ndi yamwano bwanji.

Malamulo a copyright si achizungu okha ayi. Malawi inalowa m'pangano la Berne mu 1991, pangano limene linayamba mu 1886, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chithunzi cha wojambula wa ku France kapena ku Kenya chimatetezedwa kuno monga mmene cha wojambula wa ku Ndirande chimatetezedwera kwawoko. Tili ndi lamulo lathulathu, Copyright Act ya 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Tili ndi COSOMA, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1992. Ambirife timaidziwa pa nkhani za oimba, koma lamulolo limatetezanso zithunzi, mabuku, mafilimu ndi zojambula pamanja. Chitetezocho chimayamba pomwe munthu wadina kamera. Sipafunika chidindo, sipafunika kachizindikiro ka © pakona.

Tiyeni tithane ndi zifukwa zimene timadzinamiza nazo.

"Ndachipeza pa Google." Google ndi msewu wokufikitsani pamene pali chithunzi, si mwini wake. Njinga yoimikidwa m'mbali mwa msewu ili ndi mwini.

"Ndalemba kuti credit to the owner." Mwini wake uti? Ngakhale mutalemba dzina lake lenileni, kutchula dzina si kupempha. Mukakwera kabaza, n'kutsika, n'kunena mokweza kuti "zikomo achimwene, mumapalasa bwino", mwalipira?

"Sitikugulitsa, ndife gulu lomenyera ufulu." Zimenezi zikhoza kuthandiza pokambirana mtengo, ndipo malamulo ali ndi mipata ina yololeza kugwiritsa ntchito za ena pophunzitsa kapena pofotokoza zimene zikuchitika. Koma mipatayo ndi yopapatiza, ili ndi malire ake, ndipo siinaikidwe kuti tizikongoletsera nkhani iliyonse ndi chithunzi chimene chatisangalatsa. Mawu akuti "fair use" amene mumawaona pa YouTube ndi a malamulo a ku America. Si chithumwa choti mukangochilemba pansi pa positi ndiye kuti mwatetezeka.

"Pachithunzipo ndilipo ine." Pepa m'bale wa malaya ofiira. Nkhope ndi yako, koma chithunzi ndi cha amene anajambula. Zimawawa kumva, makamaka poti utsi unakutsamwitsa ndiwe. Koma kumbukira kuti wojambulayo anali mu utsi womwewo.

Taganizirani za munthu ameneyu. Pa 20 July 2011, pamene anthu ankaphedwa m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, dziko linadziwa chifukwa panali anthu ogwira makamera. Mu 2019, miyezi yonse ija tinali mumsewu kufikira khoti linafafaniza chisankho pa 3 February 2020, zithunzi ndi zimene zinauza dziko lapansi kuti a Malawi akana. Ojambula ambiri amene amatumiza zithunzi ku mabungwe akuluakulu a nkhani ndi a Malawi anzathu. Kamera anagula okha, nthawi zina pangongole. Ikaphwanyidwa ndi mwala kapena kulandidwa, palibe amawabwezera. Ife tikathawira kumbuyo kwa mpanda, iwo amatsala poyera kuti apeze chithunzi. Madzulo ake ife timachidawuniloda, n'kudula dzina lawo pakona, n'kumatapo logo yathu.

Anzathu, zimenezi dzina lake ndi chiyani? Ife amene timaimba mumsewu kuti akuba achoke, ife amene timakwiya oimba athu akamafa ali amphawi pamene nyimbo zawo zikuwotchedwa pa mamemori khadi mumsika, tingamadye thukuta la kameramani n'kumati ndi kumenyera ufulu? Ndale zoyera zimayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Komanso kungokhala chete kuli ndi mtengo wake. N'zoona kuti kusumira gulu la ku Malawi kuchokera kunja n'kodula, ndipo si kawirikawiri munthu kuwononga ndalama za maloya chifukwa cha chithunzi chimodzi. Koma mlandu suwola. Anzathu amene muli ku Johannesburg, ku London kapena ku Dublin, amene maina anu ndi amene analembetsa webusaiti kapena amalipira hosting, inu ndiye muli pafupi ndi makhoti awo kuposa ife. Kwa inu kalata imeneyi si nthabwala.

*NGOZI YENIYENI NDI KUTSEKEDWA PAKAMWA*

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri si ma euro. Ndi tsamba lenilenilo. Facebook, Instagram, YouTube ndi makampani ambiri osunga mawebusaiti amayendera lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA. Munthu akadandaula kuti chithunzi ndi chake, iwo amachotsa kaye, zokambirana pambuyo. Madandaulo akachuluka, amatseka akaunti yonse. Pa YouTube ma strike atatu m'masiku 90 ndi okwanira kuti tchanelo chipite. Tsamba limene talimanga zaka zambiri, otitsatira onse aja, mavidiyo onse a umboni, zikhoza kuzimiririka usiku umodzi popanda wapolisi aliyense kugogoda pakhomo.

Ndipo olamulira ena anaitulukira kale njira imeneyi. Ku Ecuador, pa nthawi ya ulamuliro wa Rafael Correa, kampani ya ku Spain yotchedwa Ares Rights inkatumiza madandaulo a copyright kuti zithunzi, mavidiyo ndi zolemba zodzudzula boma zichotsedwe pa intaneti. Sanafunike kutsutsa zimene anthu ankanena. Anangoti chithunzi ichi ndi chathu. Choncho chithunzi chilichonse chakuba chimene chili pa tsamba lathu ndi chingwe chimene tadzimangirira tokha m'khosi, n'kusiya nsonga yake panja kuti aliyense wotida akoke.

Chenjezo lina kwa ma adimini: positi ikachotsedwa, pamabwera fomu yotsutsa, counter-notice. Musathamangire kuidzaza. Fomu imeneyi imafuna dzina lanu lenileni, adiresi ndi nambala ya foni, ndipo zonsezo zimatumizidwa kwa amene anakudandaulaniyo. Ngati wodandaulayo ndi munthu wongofuna kudziwa amene amayendetsa tsamba lathu, mwamupatsa nokha m'manja. Fomu imeneyi isadzazidwe ndi munthu payekha komiti isanakambirane.

*PALINSO AKUBA ENIENI*

Si uthenga uliwonse wotchula copyright umene uli woona. Ambiri mwalandirapo mu inbox zoti "tsamba lanu litsekedwa m'maola 24, dinani apa kuti muchite apilu". Mukadina, akufunsani pasiwedi, ndipo tsamba lapita. Ena amatumiza fayilo yoti muone "umboni", mkati muli vairasi. Ena amangoti tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba nkhani ithe. Facebook sikufunsani pasiwedi kudzera pa Messenger. Kampani yoona yakunja sikulipiritsani pa nambala ya munthu. Mukakayika, musadine chilichonse. Safunsa anadya phula.

*KALATA IKAFIKA, CHITANI IZI*

1. Pumani kaye. Masiku 14 aja anaika ndi iwo, si woweruza. Musayankhe tsiku lomwelo, musaimbe foni, ndipo musatukwane. Chilichonse chimene mungalembe chikhoza kudzawerengedwa mokweza tsiku lina.

2. Sungani zonse. Kalatayo, adiresi ya imelo imene yachokera, sikirinishoti ya tsamba lanu mmene linalili, tsiku limene chithunzi chinaikidwa, ndi uthenga uliwonse wosonyeza komwe munachitenga.

3. Fufuzani ngati kampaniyo ilipodi. Lembani nokha dzina lake pa Google, osadutsira pa linki ya m'kalatamo. Fufuzaninso chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye kuti muone amene anachijambula ndi komwe chinayambira.

4. Ngati mulibe chilolezo, chotsani chithunzicho. Chotsani pa nkhanipo komanso mu foda ya zithunzi ya webusaiti, chifukwa pa WordPress chimatsala mkati ndipo linki yake imagwirabe ntchito. Koma dziwani kuti kuchotsa sikufafaniza zakale. Iwo ali ndi sikirinishoti, ndipo Wayback Machine imasunga masamba akale. Musanene bodza loti sichinakhalepo.

5. Yankhani mwachidule, mwaulemu, polemba. Nenani kuti kalata mwailandira, chithunzi mwachichotsa pamene mukufufuza, ndipo mukupempha zinthu izi: dzina la wojambula, umboni woti kasitomala wawo ndiye mwini, kalata yowapatsa mphamvu yomuimira, ndi mmene awerengera ndalamazo. Musalembe kuti "tavomera kulakwa", musalonjeze kulipira, musasaine chilichonse.

6. Onani ngati chithunzicho chinali ndi layisensi ya Creative Commons. Zithunzi zambiri za pa Flickr ndi Wikimedia Commons ndi zaulere bola mutchule wojambula ndi layisensi yake molondola. Layisensi ya 4.0, imene inatuluka mu 2013, imapereka masiku 30 oti mukonze cholakwa mutachidziwa, ndipo ufulu wogwiritsa ntchito chithunzicho umabwerera. Zakale monga 2.0 zilibe mpata umenewu, ndipo alipo anthu amene amatchera dala msampha pamenepo.

7. Umboni ukakhala woona, kambiranani mtengo. Nambala yoyamba si yomaliza. Yerekezani ndi mtengo umene chithunzi chotere chimagulitsidwa pa webusaiti yaing'ono. Fotokozani kuti simuchita malonda, owerenga anu ndi angati, ndi kuti ndalama zakunja kuno n'zovuta. Mukagwirizana, pakhale chikalata chonena kuti nkhani ya chithunzi chimenechi yatheratu, ndiye muzilipira.

8. Ikakhala kalata ya loya wa konkuno, kapena chisamani chenicheni cha khoti chokhala ndi chidindo, imeneyo si ya pa gulu la WhatsApp. Pitani kwa loya tsiku lomwelo. Amene mulibe ndalama, Legal Aid Bureau ilipo. Pa mafunso a lamulo la copyright, a COSOMA aliponso. Ife si maloya, ndipo malangizo awa salowa m'malo mwa loya.

*ZIMENE KOMITI YAGWIRIZANA*

Pa kalata yathuyi, chithunzi tachichotsa, tayankha polemba, tapempha umboni, ndipo sitinatumize ngakhale tambala. Umboni ukabwera n'kukhala woona, tikambirana ndipo tidzakuuzani ndalama zake poyera, monga timachitira ndi ndalama zonse za gulu. Ukapanda kubwera, nkhani yathera pomwepo. Tikuyesanso kupeza wojambula mwiniwake kuti tilankhule naye maso ndi maso, chifukwa ngati pali munthu amene tili naye ngongole, ndi iyeyo.

Kuyambira lero, malamulo a masamba athu onse ndi awa. Palibe chithunzi chokwera pa tsamba popanda kudziwa amene anajambula. Chilolezo chikhale cholembedwa, ngakhale ka uthenga ka pa WhatsApp kokha, ndipo sikirinishoti yake isungidwe. Dzina la wojambula lisadulidwe, logo yathu isamatidwe pamwamba pa dzina la munthu. Nkhani ya nyuzipepala tikaikonda, tigawe linki yake, osati kukopera chithunzi. Tikafuna chithunzi chongokongoletsera, Unsplash, Pexels ndi Wikimedia Commons zilipo, bola tiwerenge layisensi. Ma adimini onse muli ndi sabata ziwiri zoti mubwerere m'mapositi akale ndi kuchotsa chilichonse chimene simukudziwa gwero lake.

Chachikulu kuposa zonse: tizijambula tokha. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi foni ya kamera m'thumba. Tikufuna anthu odzipereka ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba oti azijambula pa zochitika zathu, kuti tikhale ndi nkhokwe yathu ya zithunzi imene palibe angatilande ndi kalata. Pojambula muzisamala nkhope za anzathu amene angavutike nazo kuntchito kapena kusukulu. Funsani kaye, kapena bisani nkhope. Ndipo pa bajeti ya chochitika chilichonse tiziikapo kangachepe ka kameramani, monga timaikira ka zokuzira mawu ndi ka madzi. Ngati tinali okonzeka kusonkha ma euro usiku umodzi chifukwa choopa mlendo amene sitinamuonepo, sitingalephere kusonkha makwacha a mnyamata kapena mtsikana amene amayenda nafe padzuwa ndi kamera pakhosi.

Kwa ojambula amene mukuwerenga uthengawu: ngati pa tsamba lathu lililonse pali chithunzi chanu chimene tinatenga osapempha, tilembereni. Tichotsa, kapena tiikapo dzina lanu, kapena tikambirana za malipiro, mmene inu mungafunire. Tinalakwa, ndipo sitikufuna kuti mudikire kampani yakunja kuti ikulankhulireni.

Kwa makampani a makalata: tumizani umboni, tikambirana ngati anthu. Zoopseza zokhazo sizitigwedeza. Tinaima pamaso pa utsi ndi zipolopolo za mphira, PDF singatithamangitse.

Amene mwalandirapo kalata yotere, kaya pa tsamba la gulu, la bizinesi yanu yaing'ono kapena la mpingo, uzani adimini wa dera lanu musanayankhe, tithandizane kuiwerenga. Mutu umodzi susenza denga.

Tumizani uthengawu kwa adimini aliyense amene mukumudziwa.

Komiti yofalitsa nkhani